Kumeta Apongozi Osawayang'ana Nkhope

Chometera ndevu cha apongozi anga aamuna chinkakhala m'kachitini kakale ka masiwiti, pamwamba pa khoma pomwe njerwa zimakumana ndi denga. Chinali chachitsulo chokhachokha, cholemera m'dzanja kuposa mmene chinkaonekera. Ukapotokola chogwirira chake, mutu wake unkagawika pawiri, iwe n'kugoneka lezala pakati n'kumanganso. Eni ake ankachitcha chimeto. Anabwera nacho kuchokera kumigodi ku Joni ine ndisanabadwe, ndipo pa zaka khumi ndi chimodzi zimene ndinali nditakhala pakhomo pawo, kumwera kwa Embangweni, sindinawaonepo ndi ndevu.

Komatu apa ndanama pang'ono. Sindikanawaona ndi ndevu chifukwa sindinkawayang'ana n'komwe. Ine ndine Mchewa wa ku Kasungu, ndipo kwathunso apongozi timawaopa, koma kuopa kwa ku Mzimba n'kwina. Anandilowola ndi ng'ombe, n'kundiuza tsiku loyamba lomwelo kuti mkamwana, ndiko kuti mkazi wa mwana wawo, sayang'ana bambo a mwamuna wake kumaso. Amagwada patali, nkhope atalozetsa kumbali. Sawapatsira chinthu m'manja, amachiika pansi. Mukakumana panjira amapatukira pa udzu n'kunjuta mpaka adutse. Ine pakamwa panga sipachedwa, ngakhale mayi anga ankadandaula nane, koma kwa eni kulibe mkuwe. Ndinaphunzira. Apongozi angawo ndinkawadziwa nsapato, mawu ndi msana. Kumeta kwawo nakonso ndinkangokumva ndili kukhitchini, akamagogoda chitsulo chija m'mphepete mwa beseni.

Anagwa mwezi wa Juni, m'mawa, akutsekulira ng'ombe. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anakhalako masabata awiri n'kubwerako atagona m'ngolo, mbali yonse yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatsala owerengeka. Ana awo aamuna atatu, mwamuna wanga ali momwemo, onse anali ku Joni. Aakazi anakwatiwa kutali. Apongozi aakazi anali atamwalira kalekale. Pakhomo tinatsala ine ndi ana anga atatu ang'onoang'ono, mng'ono wawo wa apongozi, nkhalamba yonjenjemera manja imene inkawasambitsa, ndi mlongo wawo, mayi wamasiye amene tonse tinkawatcha ankhazi. Ankhaziwo maso anali atachita ng'ala, koma makutu ndi lilime zinali zachitsikana.

Apongozi anali mkulu wa mpingo. Kwa zaka zambiri ndiwo ankayenda ndi chikho pa mgonero, atavala shati yoyera, kolala yomangidwa mpaka batani lomaliza, ndi tayi. Mgonero kuno umabwera patalipatali, pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo iwo anali asanajombepo. Atadwala sanapemphe sing'anga, sanapemphe kuti ana awo abwere. Ankangokoka ndevu ndi dzanja lamanzere n'kumati, "Mwembe. Mwembe," ndiye ndevu m'Chitumbuka. Tonse tinamva. Ankafuna kukakhala pabenchi la akulu ampingo tsiku la mgonero, n'kulandira ali munthu yemwe uja anthu ankamudziwa. Ndi ndevu sakanapita, ngakhale mutawanyamula.

Wometa wa kumasitolo amameta ndi makina amagetsi, ndipo magetsiwo ife tinkangoona mawaya ake akudutsa kutali. Mng'ono wawo akanyamula kapu ya tiyi, theka linkathera pansi. Ankhazi sakanasiyanitsa khutu ndi chibwano. Choncho tsiku lina ankhaziwo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mkamwana, uwamete ndiwe," anatero. "Kweni pali malango. Uime kumbuyo kwa mpando. Maso pasi. Woko lako lisawakhudze yayi, chiwakhudze n'chisulo pera. Wapulika?"

Ndinati ndamva. Dzanja langa lisawakhudze, chiwakhudze ndi chitsulo chokha. Ndinaona ngati ndi nzeru yabwino, chifukwa inenso ndinali ndi mantha.

Linali Loweruka, pakhonde, kukuzizira monga kumazizirira ku Mzimba mu Julayi. Ndinatunga madzi mu ndowa osawatenthetsa, n'kutenga sopo wochapira zovala. Lezala ndinasiya lomwe ndinalipeza momwemo, la asanadwale, loyamba kale dzimbiri m'mphepete. Ndevu za masabata asanu sindinayambe ndazidula ndi sizasi. Akanandiuza ndani? Sopo anawapaka mng'ono wawo. Ine ndinaima kumbuyo, dzanja lamanzere nditalibisa kumsana, maso ali pa zidendene zawo, n'kutambasula mkono kupyola paphewa pawo.

Munthu ukaima kumbuyo kwa mnzako, dzanja limakokera kwa iwe mwini. Ndiye ndinkayambira m'munsi mwa khosi n'kumakokera m'mwamba, kulimbana ndi tsitsi. Chometera chikakana ndinkadinikiza, ngati ndikupala nkhumba ya pa Khirisimasi. Poti sindinkaona, ndinkamvetsera. Pomwe pankalira kuti khwee, khwee, ndinkabwerezapo kachiwiri, kachitatu, mpaka pakhale chete. Iwo sanalire. Chidendene chakumanzere chokha chinkakumba dothi la pakhonde, ndipo ine ndinkachiona, koma ndinkati ndi matenda. Nditamaliza, ankhazi anabweretsa sipiriti kuti aphe tizirombo, mng'ono wawo n'kuwathira pakhosi ponse. Mpweya umene apongozi anakoka ndi mano ndimaumvabe.

Ndinawametanso Lachitatu, n'kuwametanso Loweruka lotsatira, mgonero uli mawa. Lezala lomwelo, njira yomweyo. Mumtima ndinkadzitama kuti ndine mkamwana waulemu.

Lamlungu m'mawa ng'ombe zinamangidwa m'goli, matiresi n'kuyalidwa m'ngolo. Ine ndinali kukhitchini pamene ndinamva kukuwa, kukuwa kwa munthu amene mawu anamuthera. Mng'ono wawo ankayesa kumanga batani la kolala. Batanilo silinamangike, ndipo apongozi sanapite. Zimene ndinawachita ndinaziona Lolemba, osati pathupi pawo, koma pa shati imene anandipatsa kuti ndichape. Kolala yonse m'kati inali mafinya ndi magazi, mzere wathunthu kuzungulira. Ndinakhala pamwala wochapira n'kulira, chisoni ndi manyazi pamodzi.

Kumjigo amayi anali ataweruza kale. Khosi la mdala likuola chifukwa mkamwana anayandikira pomwe sayenera kuyandikira. Ankhazi, omwe anandituma aja, ndiwo ankavomereza mokweza kuposa onse. Zinandipsetsa mtima kwambiri. Malamulo awo ndinasunga onse, sindinaphonye ngakhale limodzi, nanga khosilo linaola bwanji?

Sabata imeneyo ndinapita kuboma ku Mzimba kukagula mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi, chometera chija nditachimangirira pansonga ya chitenje. Kumsika, pakati pa ogulitsa maloko ndi osoka nsapato, panali bambo wina wachikulire wokonza mawotchi ndi maambulera, amene ankagulitsanso singano ndi malezala. Ndinawasankha chifukwa cha chibwano chawo. Chinali chosalala, khosi lopanda chiphuphu ngakhale chimodzi. Ndinamasula chitenje n'kuwaonetsa.

Anachitembenuza m'manja akumwetulira. Anati nawonso ali nacho chotere, anagula akugwira ntchito yodula mitengo ku Luwawa. Kenaka anachimasula n'kuona lezala, kumwetulira kuja n'kuthera pomwepo.

"Amama, mwametera munthu ndi ili? Munthu wamoyo?"

Ndinafotokoza zonse, kupatula kuti munthuyo ndi ndani. Anandikhazika pabenchi n'kundiphunzitsa ngati mwana wa sukulu, makasitomala akudikira. Anati khosilo lipume kaye mpaka zilonda zitapola, osaliyandikiza lezala. Ndevu zikatalika ziyambe zadulidwa ndi sizasi. Kansalu koviika m'madzi otentha kakhale pankhope mpaka tsitsi litafewa. Sopo akhale wosambira, ndipo achite thovu lambiri. Lezala likhale latsopano, likameta katatu kapena kanayi likatayidwe m'chimbudzi. Sipiriti anati ndiziyatsira mbaula.

"Ndipo osadinikiza," anatero. "Chitsulo ichi n'cholemera dala. Chimameta chokha, inu muzingochiperekeza. Pachoko pachoko. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anagoneka mutu wa chometera pamkono wanga ataikamo lezala latsopano, n'kumapendeketsa chogwirira pang'onopang'ono mpaka ndinamva likuyamba kugwira tiubweya.

"Pamenepo. Musapitirire. Tsono chachikulu ndi ichi: tsitsi la pakhosi siligonera mbali imodzi ngati la patsaya. Lina limaloza pansi, lina cham'mbali, lina m'mwamba. Mukalimeta molimbana nalo limadukira m'kati mwa khungu, ndipo likamaphuka limabwerera momwemo n'kuchita chiphuphu. Muyambe mwalipapasa ndi chala kuti mudziwe komwe lagonera, mulitsate, kamodzi kokha. Dzanja linalo lizikoka khungu kuti liwongoke."

"Nanga ngati munthuyo sindingamukhudze?"

Anandiyang'ana. "Ndi ndani?"

"Apongozi aamuna."

Anayamba kukulunga malezala m'pepala. "Ine ndine wogulitsa malezala, amama, za kukaya kwanu, kumudziko, sindingalowemo. Kweni khosi silimetedwa ndi dzanja limodzi."

Ulendo wonse wobwerera, pamwamba pa matumba m'matola, ndinkangoganiza chinthu chimodzi. Chimene chinaoletsa khosi la apongozi sikunali kuyandikira kwanga. Kunali kutalikira kwanga kuja, ulemu womwewo umene ndinkadzitama nawo. Koma zoterezi ukanauza ndani kumjigo?

Zilonda zinatenga mwezi kuti zipole. Wazaumoyo wa m'dera lathu anatipatsa mafuta opaka, mng'ono wawo n'kumawathowa ndi madzi ofunda amchere. Ine masabata amenewo ndinkaphunzira pamsongolo wanga, kuseri kwa bafa. Ndinadzicheka kawiri. Ndinazindikira kuti dzanja likachita mantha limadinikiza lokha, ndiponso kuti chometera chikakhala bwino chimalira mofewa, ngati ukusesa mchenga. Mgonero wina unkabwera kumayambiriro kwa Novembala.

Ndinayambiranso mu Seputembala, tsiku limene ankhazi anapita kumaliro ku Edingeni. Mpando tinauika kuseri kwa nyumba, komwe kumafika dzuwa la m'mawa. Ndinachita zonse monga anandiuzira bambo aja, koma ndinaimabe kumbuyo. Masaya anameteka bwinobwino, ndikutsitsa chometera m'malo mochikweza. Nditafika pansi pa chibwano, dzanja linaima. Sindinkadziwa kolowera, ndipo ndinkaopa kuwavulazanso. Thovu linayamba kuuma.

Kenaka ndinamva dzanja lawo lamanzere litandigwira pamkono. Linali lamphamvu, dzanja la munthu amene wakalamba akugwira pulawo. Anandikoka mpaka ndinazungulira mpando n'kuima patsogolo pawo. Mawondo anga ankafuna kugwada okha.

"Lawiska," anatero. Ankandiuza kuti ndiyang'ane.

Ndinayang'ana. Anali ndi kachipsera kodula nsidze yakumanzere. Makutu awo anali a mwana wanga woyamba ndendende, ndipo zaka zonsezo palibe anandiuzapo. Pakhosi panali madontho akuda, zipsera za ntchito yanga ija. Anatenga chala changa chamkombaphala n'kumachiyendetsa. Pansi pa chibwano tsitsi linkaloza pansi. Pambali pa kholingo linkapita cha kukhutu. M'munsi, pomwe pamakhala kolala, linkamera chokwera. Kumanja kunali kamalo komwe linkazungulira ngati kamvulumvulu, ndipo mpomwe panali chipsera chachikulu.

"Apa, nthena. Apa, nthena," ankatero, kundionetsa kuti apa ndi chonchi, apa ndi chonchi.

Ndinawapakanso thovu, n'kukoka khungu ndi zala ziwiri, n'kumeta motsata mmene anandisonyezera, kamodzi kokha paliponse. Ndinawatsuka ndi madzi ozizira. Mng'ono wawo anali pomwepo, koma anali ataona chinachake chofunika kwambiri kukhola, ndipo anachiyang'anitsitsa mpaka ine kumaliza.

Sipanatuluke chiphuphu ngakhale chimodzi. Kuyambira pamenepo ndinkawameta Lachitatu ndi Loweruka, ankhazi akangonyamula khasu kupita kudimba. Masabata amenewo ndi okhawo abwino m'nkhani yonseyi. Tsaya lamoyo ankalitukumula okha ndi lilime, koma lakufa lija ndinkalikoka ndine. Mawu ena anayamba kubwerera. Tsiku lina anandifunsa za mvula ya ku Kasungu, ndipo ndinawayankha ndikuwayang'ana, munthu ndi munthu mnzake. Tsiku linanso ndinaiwala kutenthetsa kansalu, iwo n'kuchita tsinya, ine n'kuseka, iwonso n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Mng'ono wawo anawayesa shati. Batani linamangika, apongozi n'kutembenuza khosi uku ndi uku osamva kuwawa. Ankhazi ankauza anthu kuti khosi lapola chifukwa mkamwana tsopano akuima patali ndithu.

Kutatsala sabata ndi theka kuti mgonero ufike, Lachitatu, mpini wa khasu la ankhazi unathyoka, iwo n'kubwerako msanga. Maso a ng'ala saona patali, koma anafika pafupi kwambiri tisanawamve. Anandipeza nditawerama, nkhope yanga ili pafupi ndi ya mlongo wawo, zala zanga zili pakhosi pawo. Sanakuwe. Anawomba m'manja kamodzi n'kutembenuka. Tsaya lotsala ndinalimalizabe.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika ku Joni. Mwamuna wanga anaimba foni m'mawa mwake.

"Akuti umawasisita adada."

"Ndimawameta. Mukufuna ndiziwameta ndi chiyani, ndi phazi?"

"Iwe, usandiyankhe nthena. Mudzi wonse ukuseka. Abale anga kuno akundifunsa kuti ndinakwatira munthu wamtundu wanji."

"Ndiye bwerani mudzawamete nokha! Muli atatu kumeneko, bambo anu anaola khosi kuno, inu n'kumafunsana za mtundu wanga?"

Atayankhulanso mawu anali otsika, ndipo ndinaopa kuposa mmene ndikanaopera akanakalipa. Anati akambirana ndi abale ake. Chimeto ndisachikhudzenso, kaya kumbuyo kaya kutsogolo. Msuweni wawo wina wa ku Edingeni adzabwera Loweruka lake la mgonero kudzawameta. Ndikadzapezekanso pafupi ndi nkhope ya bambo ake, ndilongedze ndizipita kwathu ku Kasungu.

"Za ana ukudziwa," anatero. "Ng'ombe zinapita."

Ndinkadziwa. Kuno ana ndi akuchimuna, mkazi akamachoka amachoka ndi chikwama. Ndinali nditaonapo mayi wa pakhomo loyandikana nafe akukwera kabaza yekha, ana ake atawagwira pakhonde. Wanga wotsiriza anali atangosiya kuyamwa. Mng'ono wa apongozi anayesa kundiikira kumbuyo, koma anawauza kuti nawonso ali ndi mlandu woonerera. Apongozi eni akewo, eni khosi, palibe anawafunsa. Atayesa kuyankhula, ankhazi anati matenda awasokoneza mutu.

Ndinabwerera pamalo anga akale. Chakudya ndinkachiika pansi pakhomo la chipinda chawo n'kubwerera chagada. Loweruka loyamba anandiitana, ine n'kukhala ngati ndili kutali. Lachitatu ndinadzipezera ntchito kuchigayo. Palibe anawafotokozera bwinobwino zimene zinagamulidwa ku Joni, ndipo ine, amene ndikanatha kuwafotokozera, ndinkaopa ngakhale kuima pazenera pawo.

Ndevu za munthu wokalamba zimamera zoyera, ndipo pankhope yakuda zimaonekera patali. Pofika Loweruka la mgonero zinali zitaphimba masaya ndi khosi lonse. M'mawa apongozi anauza mng'ono wawo kuti awatulutse kuseri kwa nyumba, kachitini kaja kali pamiyendo. Tinadikira msuweni uja. Dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka. Foni yake sinkapezeka. Pambuyo pake tinadzamva kuti anapita kukagula feteleza ku Jenda n'kuchedwa komweko.

Mithunzi itayamba kutalika ndinamva, "Mkamwana."

Ulendo uno panalibe kothawira. Ndinapita n'kugwada patali, nkhope kumbali. Ankhazi anali atakhala pamphasa pafupi ndi nkhokwe akusenda mtedza wa mbewu, ndipo manja awo anaima. Mwana wanga wamng'ono anali atanditsatira, atagwira chitenje changa. Chapambali ndinaona apongozi atatambasula mkono, kachitini kali m'dzanja.

"Meta," anatero.

"Ndapota, adada," ndinatero. "Sindingathe."

"Meta, mwana wane."

Anali asananditchulepo mwana wawo. Mkono unakhala chitambasukire mpaka unayamba kunjenjemera, chitsulo chikugunda m'kachitini, kenaka unatsika. Ndinadzuka n'kubwerera kukhitchini.

Chimene ndinachita Lamlungu m'mawa ndimadzida nacho kuposa kukana kuja. Ndinatenthetsa madzi, n'kuika beseni, sopo ndi kansalu pafupi ndi mpando wawo, n'kuchokapo. Ndinkadziuza kuti mwina msuweni afika. Linali bodza. Ndinkafuna kuti mtima wanga upepuke, kuti ndizidzati chinachake ndinachita. Apongozi anamva monga munthu aliyense akanamvera, kuti adzimete okha. Mng'ono wawo ali kalikiliki kumanga ng'ombe, apongozi anamasula chometera ndi dzanja limodzi ndi mano, n'kuikamo lezala latsopano, limodzi mwa omwe ndinagula ine.

Dzanja lamanzere linali lisanametepo, ndipo panalibe lina lokoka khungu. Mng'ono wawo atabwerera anakuwa, tonse n'kuthamanga. Nthawi imeneyo ndinayang'ana, ndipo palibe anandiletsa. Thovu linali lofiira. Tsaya lina linali lometeka mwa apo ndi apo, lina losakhudzidwa. Pansi pa nsagwada panali bala lalitali lotseguka, magazi akutsikira pachifuwa. Lezala linali litakhala mopendama chifukwa sanathe kumanga bwino. Ankhazi anang'amba chitenje chawo n'kutsekapo, akulira, akuitana mlongo wawo ndi dzina la paubwana. Ndikunena zimenezi chifukwa ankhaziwo sanali mfiti. Mlongo wawoyo ankamukonda, ndipo ankakhulupirira kuti akumuteteza.

Magazi atasiya anawaveka shati yoyera, kolala n'kuisiya yotsekula pamwamba pa chigamba. Ngolo inali pabwalo, matiresi atayala kale. Apongozi analoza kagalasi kamene kankakhala pazenera. Anadziyang'ana nthawi yaitali, uku ndi uku.

"Yayi," anatero. "Masulani ng'ombe."

Masana akulu ampingo atatu anabwera ndi abusa, atanyamula mkate ndi chikho m'kabokosi, kuti awapatsire kunyumba monga amachitira ndi odwala. Anali anzawo, anthu amene anakhala nawo pabenchi limodzi zaka zambirimbiri. Apongozi atamva mawu awo pabwalo anatembenukira kukhoma n'kufunda bulangeti kumutu, kutentha konse kwa Novembala kuja. Abusa anawanyengerera. Mng'ono wawo anawanyengerera. Bulangeti silinasunthe. Alendowo anaimba nyimbo imodzi pakhomo, n'kupemphera, n'kutseka kabokosi. Mgonero wina apongozi sanaufikire. Anagwanso kachiwiri chimanga chili m'mawondo, ndipo sanadzukenso.

Ana anga ndili nawo, wamng'ono uja pano ali ku sekondale. Mutandibwezera pa Loweruka lija, ndikudziwa kuti ndikhoza kugwadanso pomwepo n'kukana. Kudziwa zimenezo sikunandipepuzepo mtima ngakhale tsiku limodzi.

Alendo aja pochoka, ine ndi ankhazi tinawaperekeza mpaka kukhola. Mmodzi mwa akuluwo, bambo wamtali amene ankabwera kawirikawiri kudzazonda matenda, anatsalira m'mbuyo pang'ono n'kunditembenukira.

"Amama, mwezi watha ndinabwera kuno, ndinawapeza adada osalala ngati mnyamata, khosi lili see. Ankawameta bwino chomene chotere ndi ndani? Bwanji lero sanabwere?"

Ankhazi anaima. Ndinagwada n'kuyang'ana kumbali.

"Kaya, adada," ndinatero. "Sindikumudziwa."